Mlandu suwola

Akuluakulu amati mlandu suwola, kutanthauza kuti cholakwa sichifafanizika chifukwa choti papita zaka zambiri.

Anyamata ena a ku Thyolo anasiya thangata m'minda ya tiyi ya azungu n'kulowa gulu lankhondo la King's African Rifles. Asilikali a ku Nyasaland anakafika mpaka ku Burma mu 1944, komwe analimbana ndi Ajapani, mvula ndi malungo. Nkhondo itatha mu 1945, msilikali wamba wachizungu anawerengeredwa mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pomwe wakuda anapatsidwa atatu ndi theka basi. Atabwerera kumudzi, anyamata aja anapeza malo akadali m'manja mwa eni maesiteti.

Ndiye gogo amene anali mmodzi wa anyamata aja akamanong'oneza bondo kuti anavutikira mfumu yachilendo, koma n'kumalandirabe thandizo la ankhondo akale kapena kukhala m'nyumba zawo ku Zomba, tisamunene kuti ndi wachiphamaso. Wothyola tiyi ngakhale akwiye ndi kapitawo, amakayezetsabe dengu lake pa sikelo, poti thukuta wakhetsa kale. Gogoyo sakupempha mphatso ayi, akulonjerera ngongole imene boma la atsamunda linasiya osamaliza kubweza.