M'bandakucha ku Kavalamanja

M'bandakucha ngati uno, nkhungu ikadali pamwamba pa Zambezi ndipo asodzi akukankhira mabwato awo m'madzi, mudzi wa Kavalamanja m'boma la Luangwa, lomwe kale linkatchedwa Feira, umakhala zii, moti mlendo sangaganize kuti pa 6 Malichi 1978 asilikali a boma la Ian Smith la Rhodesia anaukira malowa ndi ndege ndi mabomba. Iwo ankafuna msasa wa ZIPRA, gulu lankhondo la chipani cha ZAPU cha Joshua Nkomo, limene boma la Kenneth Kaunda linalilandira m'Zambia pomwe linkamenyera ufulu wa Zimbabwe. Pamodzi ndi omenyera ufuluwo panafanso anthu wamba ndi asilikali a Zambia.

Msilikali wachinyamata wa Zambia amene anatsikira kuli chete m'nkhondoyo sanaone ufulu umene unafika tsidya lija, ku Zimbabwe, pa 18 Epulo 1980, patangopita zaka ziwiri, ndipo chimenechi n'chomwe chimapweteka koposa. Ntchito yake inali yosaoneka ndi maso a anthu ambiri: kulondera malire amene kunoko ndi madzi chabe, pamalo pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, Zumbo wa ku Mozambique ali tsidya lina, Kanyemba wa ku Zimbabwe tsidya linanso, ndiponso kugona m'ngalande, nsapato zili kumapazi, udzudzu wa m'chigwa ukulira m'makutu.

M'mwezi wa Malichi, chimanga chikukhwima m'minda, asilikali ndi anthu a ku Kavalamanja ndi mudzi wapafupi wa Kakaro amasonkhana kudzayala nkhata zamaluwa pokumbukira omwe anagona tsikulo.