Galimoto ya Waya ndi Funso la Nzelu

"Ine sukulu inanikana, mutu wanga ni wouma." Mau awa mwawamvapo, ndipo mwina munawanenapo. Amatuluka pakamwa pa mnyamata wowochelela mageti ku Kalingalinga, pa mtsikana woluka tsitsi ku Mtendere, pa wokonza mafoni pa City Market amene amatsegula foni yakufa n'kuiukitsa inu mukuona. Onsewa amadya za manja ao, komabe mumtima anavomela kale ciweluzo cakuti ndi opanda nzelu. Ine funso langa ndi ili: anayeza mutuwo ndani, ndipo anauyeza ndi ciani?

Mu 1979, Robert Serpell, katswili wa za maganizo a anthu amene anaphunzitsa zaka zambili pa UNZA, anafalitsa zotsatila za kafukufuku wina wosavuta kumva. Anatenga ana a m'komboni ku Lusaka ndi ana a ku Manchester ku England, n'kuwauza kuti atengele zithunzi ndi maonekedwe amene anawaonetsa. Nchito inali imodzi, zosiyana zinali zipangizo. Atapatsidwa pensulo ndi pepala, ana a ku England anapambana. Atapatsidwa waya kuti apinde, ana a ku Lusaka ndiwo anapambana. Pa kuumba ndi dothi, limene onse anali kulidziwa, panalibe kusiyana kwenikweni.

Taganizilani bwino zimenezi. Maso a anawo anali kuona cimodzimodzi, ndipo mitu yao inali kugwila nchito cimodzimodzi. Cimene cinasiyana ndi cimene manja ao anazolowela. Mwana wa ku Manchester anakula ndi mapepala ndi makilayoni. Wa kwathu anakula akutola waya, kupinda galimoto, kuiika mawilo a zitsekelelo za mabotolo ndi ciwongolelo cacitali. Mayeso akanakhala a waya, amene timawacha anzelu lelo ena a iwo akanakhala kumbuyo kwa kalasi. Conco mayeso alionse amayeza zinthu ziwili pamodzi: zimene mutu ungathe, ndi cida cimene munthu anazolowela. Colakwika cathu n'cakuti timawelenga zotsatila ngati kuti zikunena za mutu cabe.

Serpell yemweyo anacitanso kafukufuku m'midzi ya Acewa m'boma la Katete kuyambila m'ma 1970, ndipo anatsatila anawo mpaka atakula. Zimene anapeza zili m'buku lake la mu 1993, The Significance of Schooling. Pofunsa akuluakulu a m'mudzi za ana amene iwo amawaona kuti ali ndi nzelu, anapeza kuti liu lakuti nzelu lili ndi miyendo iwili. Mwendo umodzi ndi kucenjela: kumva msanga, kuona njila pamene ena saiona. Wina ndi kutumikila: kukhala mwana amene ungamutume n'kugona tulo, wodalilika, woganizila anzake. Kucenjela kopanda kutumikila akuluwo sanali kukukhulupilila, pakuti ngakhale Kalulu wa m'nthano ndi wocenjela, koma ndani angamusungitse nkhokwe?

Ine ndimaona kuti agogo aja anali patsogolo pa mapepala athu a mayeso. Satifiketi imanena kuti unakumbukila zingati pa tsiku la mayeso. Siinena ngati udzabweza cenji ca mayi amene wakupatsa ndalama yambili mosadziwa. Tili nawo anthu a madigili amene amasaina mapepala obela mankhwala a odwala. Mwa muyeso wa sukulu ndi anzelu. Mwa muyeso wa ku Katete ndi ocenjela cabe.

Koma apa ndiyenela kucenjeza, cifukwa wina angamve nkhaniyi n'kunena kuti, "Basi, sukulu ilibe nchito." Ai. Galimoto ya waya siingakuwelengeleni pepala la nkhongole musanasaine. Siingakuuzeni kuti uthenga wa pa foni wonena kuti mwapata mphoto ndi wa akuba. Wosadziwa kuwelenga amakhala m'manja mwa wowelenga, ndipo si wowelenga aliyense amene ali ndi cifundo. Kutamanda luso la manja la mwana wosauka kwinaku ana a olemela akuphunzila zonse ziwili ndi nkhanza yovala cipewa ca ulemu.

Phunzilo la kafukufuku uja ndi lina. Ngati mwana wa m'komboni anadziwa waya cifukwa anaugwila tsiku ndi tsiku, ndiye kuti angadziwenso zilembo akazigwila tsiku ndi tsiku. Kuwelenga si mphatso yobadwa nayo. Ndi luso, monga kupinda waya. Mwana amene afika mu Giledi 1 asanagwilepo buku sali wouma mutu, wangoyamba mpikisano anzake ali kale patsogolo. Mlandu suli m'mutu mwake. Uli pa ife amene tinamusiya popanda buku, makamaka buku la m'cilankhulo cimene amalota naco.

N'cifukwa cake zimandiwawa kuona phunzilo la zojambula ndi zopangapanga likutengedwa ngati nthawi yopumila, yoyamba kufufutidwa mayeso akayandikila. Kwa ana ambili, limenelo ndilo khomo lokhalo limene nzelu zao zingalowele m'kalasi. Serpell ndi mnzake Ravinder Kathuria anafika pokonza muyeso wochedwa Panga Munthu, umene mwana amaumba munthu ndi dothi m'malo momujambula papepala. Anazindikila kuti ukafuna kuona zimene mwana adziwa, umufunse m'cida cimene amacidziwa. Mphunzitsi amene ayamba ndi galimoto ya waya angaphunzitsepo kuyeza utali, kuzungulila kwa wilo, ndi kulemba ndondomeko ya mmene anaipangila. Dziko limene linabala Henry Tayali siliyenela kucita manyazi ndi mwana wodetsa manja ndi utoto.

Patsala funso limodzi, ndipo ili ndi la ofufuza. Zotsatila zonga izi zimalembedwa m'Cingelezi ca akatswili, m'magazini amene simungawapeze pa Soweto Market. Ana amene anapinda waya uja tsopano apitilila zaka 50, koma mau akuti "mutu wanga ni wouma" akali kumveka m'makomboni omwewo. Tiyeni tiyeze kafukufuku ndi muyeso wa ku Katete. Mwana wotumidwa sathela kumene anatumidwa, amabwela kudzanena zimene wapeza. Wofufuza amene watenga nthawi ya agogo, nyimbo za amayi ndi masewela a ana, n'kupata nazo digili, ali ndi nkhongole. Kuilipila n'kubweza zimene wapeza kwa eni ake, pa wailesi, m'sewelo, m'Cinyanja comveka. Akapanda kutelo, nayenso ndi wocenjela cabe.

Ndipo nkhongoleyi ikhudza ngakhale ife amene tikuwelenga izi pa foni. Tinapata mwai wa zilembo, ndiye kuti tatumidwa. Mukaona mng'ono wanu ali pansi akulimbana ndi waya, musamukalipile kuti akutaya nthawi. Mufunseni kuti ciwongolelo cimakhotetsa bwanji mawilo. Akafotokoza, mupatseni pensulo, mumuuze kuti, "Iwe, lemba zimene wanena, kuti wina akapange yake." Tsiku limenelo adzaona kuti pepala ndi waya wina cabe, woti naye angaupinde.