Mutu umodzi susenza denga, ngakhale m'nyanja yamchere

Akuluakulu akamati mutu umodzi susenza denga, amanena zomwe aliyense anazionapo pamudzi: denga la nkhokwe limamangidwira pansi, kenako mwiniwake amamema anzake kuti alikweze. Mabakiteriya a m'nyanja yamchere otchedwa Vibrio fischeri nawonso sayamba ntchito yowala asanadziwe kuti alipo okwanira.

Aliyense amatulutsira m'madzi timankhwala tochepa, tomwe timadutsa mosavuta pakhungu la mnzake. Akabalalika, timankhwalato timamwazikana ndipo palibe amene amawala. Akathithikana malo amodzi, timachuluka, n'kulowa m'kati mwawo, n'kugwirana ndi puloteni yotchedwa LuxR, imene imayambitsa kuwalako. Kenneth Nealson, Terry Platt ndi Woodland Hastings analongosola khalidweli mu 1970.

N'zogometsa ndithu, chifukwa kuwala kwa mmodzi sikungaoneke, kungangomuthera mphamvu.

Ku Hawaii kuli kanyama ka m'madzi kotchedwa bobtail squid, kamene kamasunga mabakiteriyawa miyandamiyanda m'thupi mwake. Usiku kuwala kwawo kumafafaniza mthunzi wake pamwezi, moti nsomba zolusa zodutsa m'munsi sizikaona. M'bandakucha kamalavula ambiri mwa iwo, otsalawo n'kuswananso mpaka kudzaza malowo pofika madzulo.