Kodi Wokwera Alibe Mlandu?

Ngati munakwerapo minibasi yochoka pano pa Kafue kupita ku Lusaka, mumaudziŵa mpando umene achichepere amalimbirana: wa kutsogolo, pambali pa dalaiva. Miyendo imatambasuka bwino, kamphepo kamaloŵa, ndipo paulendo wa makilomita oposa 40 umenewu mumakhala ndi wocheza naye. Koma kodi munayamba mwadzifunsapo kuti machezawo amachititsa chiyani m'mutu mwa munthu amene wagwira chiwongolero?

Ngozi ikachitika, tonsefe timaloza chala munthu mmodzi. Timati dalaiva anali wosasamala. Wokwera timamuona monga thumba la chimanga, limene limangonyamulidwa ndipo silingalakwe. Kodi zimenezi n'zoona? Anthu amene analingalira funsoli mozama ndiwo oyendetsa ndege, ndipo yankho lake analipeza pambuyo pa maliro ambiri.

Lamulo Lobadwira m'Ngozi

Mu September 1974, ndege ya kampani ya Eastern Air Lines inali kuyandikira mzinda wa Charlotte ku United States m'maŵa wa nkhungu. Ndegeyo inalibe vuto lililonse. Komabe inagwa itatsala makilomita pafupifupi 5 kufika pabwalo, ndipo anthu 72 mwa 82 anafa. Ofufuza atamvetsera chojambulira mawu cha m'chipinda cha oyendetsa, anapeza kuti amunawo anali kukambirana za ndale ndi za magalimoto akale, m'malo moyang'anitsitsa kutsika kwa ndege yawo.

Chotero mu 1981 boma la dzikolo linaika lamulo. Pamene ndege ikuyenda pabwalo, ikunyamuka, ikutera, kapena ikukwera ndi kutsika pansi pa mafiti 10,000, amene ali pafupifupi mamita 3,000, oyendetsa saloledwa kucheza, kudya, kapena kuŵerenga chinthu chosakhudza ulendowo. Ngakhale otumikira okwera sayenera kuwalankhula popanda chifukwa chachikulu. Lamuloli likanyalanyazidwa, zotulukapo zake sizisintha. Mu August 2006 ndege ya maulendo aafupi ya Comair inayesa kunyamukira pamsewu wolakwika ndi waufupi ku Lexington, ndipo anthu 49 mwa 50 anafa. Ofufuza anatchula macheza a oyendetsawo pakati pa zochititsa.

Ngozi ina imatifika pamtima koposa. Mu March 1994, ndege ya Aeroflot inali paulendo wochokera ku Moscow kupita ku Hong Kong. Mmodzi wa oyendetsa analoŵetsa ana ake aŵiri m'chipindacho, nawalola kukhala pampando wake. Mwana wamwamuna atakankha chiwongolero, mbali ina ya makina oyendetsa ndege paokha inazima, ndipo akuluakuluwo anachedwa kuzindikira. Ndegeyo inagwera m'mapiri a ku Siberia, ndipo onse 75 anafa. Taonani kuti panalibe chidani kapena cholinga choipa. Panali chabe tate wofuna kukondweretsa ana ake panthaŵi yolakwika.

Tsiku Limene Ndinakhala Kutsogolo

Mwina mukuti, "Zimenezo n'za m'mwamba, ine ndege sindinakwerepo." Lolani ndikuuzeni zimene ndinachita ineyo pamsewu wathu uno.

Chaka china gulu lathu la achichepere linachita hayala minibasi kupita kumsonkhano wa makwaya ku Lusaka. Pokhala mtsogoleri, ndinakhala kutsogolo. Tinanyamuka mochedwa, choncho ndinali kungoti, "A dalaiva, pondaniko pang'ono, tichedwa." Kumbuyo nyimbo zinali zitakolera, ena akuomba m'manja, ena akumenya denga. Kenaka ndinayambitsa mkangano wa mpira. Titapitirira Shimabala, dalaivayo anatembenuka kuti anditsutse, ndipo thiraki imene inali patsogolo pathu inachepetsa liŵiro. Amayi ena amene anatiperekeza ndiwo anakuwa. Mabuleki analira, tinaima titatsala pang'ono kwambiri kuigunda, ndipo mtsikana wina anamenyetsa kamwa pampando nathyoka dzino.

Onse anakalipira dalaiva. Palibe anandikalipira ine, ndipo inenso sindinanene kanthu. Koma mumtima ndinadziŵa amene anachotsa maso a bamboyo pamsewu.

Taŵerengerani nokha. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaiva akakuyang'anani kwa masekondi 3 okha, mwayenda mamita oposa 60 popanda aliyense woyang'ana kutsogolo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Maganizo a munthu sangagwire nthambi ziŵiri panthaŵi imodzi.

"Koma Laisensi Ili ndi Iye"

Wina angatsutse kuti dalaiva ndiye anaphunzira ntchitoyo, ndiye amalipidwa, ndipo ndiye ayenera kukana. Ndithudi, mlandu waukulu ngwake. Palibe munthu wanzeru angaimbe mlandu mwana wa m'ndege ya Aeroflot uja. Atate wake ndiwo anayenera kunena kuti iyayi.

Komabe, inu ndi ine sindife ana. Ndiponso talingalirani mmene kukana kuliri kovuta kwa dalaiva wa minibasi. Woyendetsa ndege yaikulu ali ndi lamulo lomuikira kumbuyo ndi chitseko chokhoma. Dalaiva wathu alibe chitseko. Amene akumulankhula angakhale munthu wamkulu kwa iye, kapena mtsogoleri amene wagwira ndalama za hayala. Akapanda kuyankha timati ngwonyada. Akakana kuthamanga timati ulendo wina tidzatenga wina. Ngati tikudziŵa kuti munthu akuvutika kutikanira, ndiyeno tikupitirizabe kumukakamiza, kodi tinganene kuti manja athu ngoyera?

Palinso mfundo ina. Maso ndi maganizo a dalaiva paulendo sizili zake yekha, ndipo sizili zanu chifukwa chakuti mwakhala pafupi. Zili za agogo amene akupita kuchipatala, za mayi amene wabereka khanda kumbuyo, ndi za mwana wasukulu amene akudumpha msewu pa Chilanga. Pamene muzitenga kaamba ka nthabwala yanu, mwatenga chinthu cha anthu ena popanda kuwapempha. Kusakhala ndi cholinga choipa sikubwezera dzino lothyoka, ndipo sikudzutsa wakufa.

Kodi Tsono Tizingokhala Duu?

Iyayi. Mwambo wathu wopatsana moni ndi kucheza paulendo ngwabwino, ndipo paulendo wautali mawu a mnzake angathandize dalaiva kusawodzera. Ngakhale lamulo la m'ndege lija silitseka pakamwa ulendo wonse. Ndege ikakwera pamwamba n'kukhazikika, oyendetsa amacheza ndi kudya. Nzeru yake yagona pa kudziŵa nthaŵi. Kwa ife nthaŵi zoopsa ndi pamene dalaiva akupitirira galimoto ina, pamene akuloŵa pamalo a anthu ambiri, pamene mvula ikugwa, ndi usiku pamene magetsi a mathiraki ochokera ku Chirundu ndi ku Livingstone akumuthobwa m'maso. Panthaŵi zotero kukhala chete ndiwo ulemu.

Ndiponso lamulolo limalola mawu alionse okhudza chitetezo. Makampani a ndege amaphunzitsa woyendetsa wamng'ono kuwongolera mkulu wake akamuona akulakwa. Patsiku lathu lija, mawu anga anatsala pang'ono kutipha, koma mawu a amayi aja anatipulumutsa. Chotero ngati dalaiva wagwira foni akuyendetsa, chinthu chimene malamulo a pamsewu a Zambia amaletsa, musachite manyazi kunena mwaulemu kuti, "A dalaiva, pepani, foniyo idikireko mpaka tiime." Ena angakusekeni. Kondakita angakuuzeni kuti mutsike mukagule yanu. Koma kaŵirikaŵiri mudzapeza kuti okwera ena anali ndi mantha omwewo, ndipo anali kungodikira woyamba kulankhula.

Musananyamuke Ulendo Wotsatira

Gulu lanu likamadzakonza ulendo, kambiranani zinthu izi pasadakhale. Nyamukani nthaŵi ikalipo kuti pasakhale wokakamiza dalaiva kuthamanga. Pampando wa kutsogolo ikanipo munthu wodekha amene adzayang'ana msewu, osati katswiri wa nthabwala. Imbani, koma gwirizanani kuti munthuyo akakweza dzanja nyimbo itsike. Ndipo uzani dalaiva poyera kuti akapanda kukuyankhani simudzakhumudwa.

Ine zinanditengera milungu ingapo kuti ndipite kwa mtsikana uja ndi makolo ake kukavomera mbali yanga. Sanali kuyembekezera, popeza onse anali ataikiratu mlandu wonse pa dalaiva. Dzinolo silinabwerere. Mpaka lero ndikamuona akuphimba pakamwa poseka, ndimakumbukira mkangano wa mpira umene sindikumbukira n'komwe kuti anapambana ndani. Inuyo, paulendo wanu womaliza, kodi munali wokwera wotani?