Amathamanga ndi Wina, Amalipira ndi Wina

Aliyense amene amayenda pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amadziwa tanthauzo la magetsi oyaka masanasana. Galimoto yochokera kutsogolo ikakuphethirirani magetsi kawiri, ndiye kuti kumene mukupitako kuli apolisi apamsewu ndi kamera yawo yoyezera liwiro. Pomwepo phazi limachoka pamoto. Mukangowapitirira apolisiwo mumapondanso moto, nanunso n'kuyamba kuphethirira ena. Madalaivala amati umenewu ndi umunthu, kuthandizana pa ulendo. Koma mchitidwewu umaulula zimene timakhulupirira pansi pa mtima: kuti choopsa pamsewu ndi wapolisi ndi chindapusa chake, pomwe liwirolo lilibe vuto.

Apa ndi pamene ndikuona kuti tinasokera. Liwiro timalitenga ngati nkhani ya dalaivala ndi galimoto yake basi. Mumamva munthu akudzitama kuti, "Galimotoyi ndimaidziwa, ndipo msewuwu ndakalambirapo." Mwina n'zoona. Koma amene amapindula ndi liwiro ndi amene amalipira zinthu zikavuta, nthawi zambiri sakhala munthu mmodzi. Wina amasankha kuthamanga ali m'kati mwa chitsulo, atamanga lamba. Wina amalandira zotsatira zake ali pa njinga kapena akuyenda pansi, ndipo palibe anamufunsa maganizo ake.

Tiyambe ndi msewu weniweniwo. M1 imayambira pa Songwe, kumalire ndi Tanzania, kudzera ku Karonga, Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu ndi Blantyre mpaka ku Marka m'boma la Nsanje. Okonda liwiro amathamangira kutchula za ku Germany, kumene mbali zina za Autobahn zilibe malire a liwiro. Chimene satchula n'chakuti mumsewu umenewo saloleza woyenda pansi, wanjinga kapena ngolo. Magalimoto opita ndi obwera anawalekanitsa ndi mpanda, ndipo palibe mwana amene amadula msewuwo popita kusukulu. Ngakhale kumeneko boma limalangiza madalaivala kuti asapitirire makilomita 130 pa ola.

Wathuwu ndi wina. Malo ambiri chimene chimalekanitsa inu ndi lole yochokera kutsogolo ndi mzere wa penti. Msewu womwewo ndi njira ya kusukulu, ya kuchigayo, ya kuchipatala ndi ya kumaliro. Umadutsa pakati penipeni pa Mponela, Nathenje, Chimbiya, Bembeke, Lizulu, Kampepuza, Phalula, Zalewa ndi Lunzu. Imani pa Lizulu tsiku la msika, pamene Malawi ndi Mozambique zimagundana m'mphepete mwa msewu. Milu ya kabichi, mbatatesi ndi tomato imafika mpaka pa tala. Minibasi ikangoima, amayi amadula msewu akuthamanga ndi mabeseni kumutu, maso ali pa windo la kasitomala, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Wanjinga wanyamula matumba a makala otambalala kuposa iye mwini, ndipo sangathe kucheuka. Kamwana kagwira chitenje cha amake, kenako n'kuchitaya chifukwa kaona mnzake kutsidya. Awa ndiwo anthu amene dalaivala amagawana nawo msewu pamene akuganiza zoponda moto.

Tsono tiwerengere phindu lake. Tinene kuti malo a msika ndi otalika kilomita imodzi, ndipo chikwangwani chikuti 50. Woyenda makilomita 50 pa ola amatha malowo m'masekondi 72. Woyenda 80 amawatha m'masekondi 45. Phindu lonse ndi masekondi 27, nthawi yosakwana kupatsana moni wabwino ndi munthu.

Nanga mtengo wake? Dalaivala watcheru amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuchokera pamene waona choopsa kufika pamene waponda buleki. Pa liwiro la 50, m'sekondi imeneyo galimoto imayenda mamita 14, ndipo pa tala wouma, matayala ndi mabuleki zili bwino, imafuna ena pafupifupi 14 kuti iime. Yonse pamodzi ndi mamita 28. Pa liwiro la 80, sekondi yomweyo imadya mamita 22, ndipo kuima kumafuna ena 35. Ndiye kamwana kaja kakalowa mumsewu mamita 28 kutsogolo, woyenda 50 amaima pafupi nako, mtima ukugunda, n'kukakalipira. Woyenda 80 amafika pamalo omwewo akadali pa liwiro loposa 70. Luso la dalaivala silisintha masamu amenewa. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda komanso mtunda woimira zimawirikiza kanayi, kaya akuyendetsa ndi wophunzira kumene kaya ndi katswiri.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa matenda aliwonse. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo pa imfazi poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chonsecho magalimoto ake ndi ochepa. Bungwe lomweli limati liwiro likakwera ndi 1 peresenti yokha, chiopsezo cha ngozi yakupha chimakwera ndi 4 peresenti. Amene akufuna kuona nkhope za manambalawa apite kuwodi ya othyoka mafupa ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth. Akapezako abambo amene ankadyetsa banja ndi kabaza atagona milungu yambiri mwendo uli pa chitsulo, mayi awo kapena akazi awo akugona pansi powadikirira, kumunda kutatsala udzu wokhawokha.

Komabe kuloza chala dalaivala yekha n'kusaona nkhani yonse. Phazi ndi lake, koma amene amalikankha ndi ambiri. Mwini minibasi amafuna ndalama yake yatsiku madzulo, zivute zitani, ndipo dalaivala ndi kondakitala amadya zotsala. Pamenepo ulendo umodzi woonjezera ndiwo ndiwo za kunyumba, ndipo wokwera amene waima kutsogolo amamulimbirana ndi minibasi ina kapena Sienta imene ikubwera m'mbuyo. Bwana amene wachedwa kunyamuka ku Lilongwe amauza dalaivala wake kuti, "Msonkhano ukuyamba 10 koloko ku Blantyre, uone chochita." Dalaivalayo sangayankhe, poti ntchito ndi yosowa. Magalimoto a akuluakulu akamadutsa pa msika ngati mphepo, mnyamata amene wangotenga laisensi amaphunzirapo kuti kuthamanga ndi chizindikiro cha munthu wofunika, ndipo malamulo ndi a anthu wamba.

Ifenso okwera tili momwemo. Timayamikira basi imene "sichedwa panjira". Dalaivala wodekha timamunena kuti akuyendetsa ngati nkhalamba, ena mpaka kumufunsa ngati wanyamula mazira. Pamene akupitirira lole pa phiri kapena pokhota, kutsogolo kusakuoneka, minibasi yonse imangoti zii, aliyense atagwira mpando wakutsogolo. Mayi mmodzi akalimba mtima n'kunena kuti, "Adalaivala, chepetsani liwiro, tasiya ana kunyumba," kondakitala amamuyankha kuti, "Mayi, ngati mukuopa tsikani." Ena amaseka, ndipo amene amagwirizana ndi mayiyo amayang'ana pawindo. Chete ameneyu ndi chilolezo chimene dalaivala amafuna.

Ngozi ikachitika timatonthozana kuti linali tsiku lake, imfa sithawika. Pa maliro mawuwa ali ndi malo ake, chifukwa wofedwa amafunika chomugwira mtima. Koma akatuluka pa siwa n'kulowa m'galimoto amasanduka chobisalirapo. Tonse timadziwa kuti tsiku lina tidzafa, komabe timagoneka ana athu m'masikito poopa malungo, ndipo palibe amene amati kutero n'kulimbana ndi Mulungu. Pemphero la pa depoti ndi labwino, koma silichotsa udindo wa munthu amene wagwira chiwongolero. Kunena kuti zinalembedwa pamene munthu amayenda 100 pakati pa msika ndi kunamizira Mulungu mlandu wa munthu.

Madalaivala nawo ali ndi madandaulo amene sitiyenera kuwanyoza. Amati malole olemera amakwawa pa mapiri a Dedza ndi Ntcheu, mzere wa magalimoto n'kutalika m'mbuyo mwawo, malo opitirira bwinobwino palibe. Amati zikwangwani zina zinagwa kapena kubedwa, moti munthu amadziwa kuti anali m'dera la 50 atamuimitsa kale. Amati kamera imaikidwa pobisika pamene n'posavuta kugwira anthu, ndipo zimaoneka ngati cholinga ndi ndalama osati moyo. Amatinso ogulitsa malonda analowerera mumsewu. Zambiri mwa izi n'zoona, ndipo a Roads Authority, nthambi ya Road Traffic, apolisi ndi makhonsolo ayenera kuzimva. Lamulo limene anthu amaliona ngati msampha salilemekeza. Amene amalipira pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke ali ndi ufulu wofunsa zikwangwani zooneka, mizere yowala usiku ndi malo okwerera phiri a magalimoto olemera.

Koma taonani kumene madandaulowa akuloza. Ngati msewu ndi wopapatiza, zikwangwani palibe, anthu adzaza m'mphepete, zonsezo ndi zifukwa zochepetsera liwiro. Wogulitsa tomato amene wakhala pafupi ndi tala walakwitsa, koma chilango cha kulakwa kumeneko si imfa. Ndipo ngakhale pa mtunda wautali phindu la kuthamanga ndi lochepa kuposa mmene timaganizira. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi makilomita pafupifupi 310. Munthu atayenda 120 m'malo mwa 100 njira yonse osaima paliponse, angapulumutse mphindi 31 zokha. Poti pali zipata, marodibuloko, misika ndi malole, zenizeni zimachepa kuposa apo, mafuta n'kupita ochuluka. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Mphindi zimenezo zimapezeka mosavuta pongonyamuka msanga.

Maiko ena anayesapo njira zimene tingaphunzireko. Dziko la Sweden mu 1997 linakhazikitsa mfundo ya Vision Zero, imene imavomereza kuti munthu amalakwitsa, choncho msewu uzimangidwa moti kulakwitsako kusaphe. Pa msonkhano wa ku Stockholm mu 2020, maiko anagwirizana zolimbikitsa liwiro la makilomita 30 pa ola m'malo amene magalimoto amasakanikirana ndi oyenda pansi ndi apanjinga. Kwa ife zimenezi zikutanthauza mahampu omangidwa bwino polowa pa msika uliwonse, njira za oyenda pansi, malo oimikapo maminibasi kunja kwa tala ndi misika yosunthidwa pang'ono kuchoka pamsewu. Hampu sigona, silandira chiphuphu ndipo palibe angaiphethirire magetsi. Izi n'zofunika kwambiri pamene misewu ikukonzedwa, chifukwa tala wosalala amaitana liwiro. Msewu wabwino wopanda zotetezera oyenda pansi ungathe kupha anthu ambiri kuposa wa maenje.

Ku Kenya mu 2004, nduna ya zamtengatenga John Michuki inalamula kuti maminibasi akumeneko, otchedwa matatu, aikidwe zipangizo zoletsa kupitirira makilomita 80 pa ola komanso malamba a okwera. Eni magalimoto anakana poyamba, koma lamulo linagwira ntchito, ndipo pamene boma linalekerera m'zaka zotsatira, makhalidwe akale anabwerera. Phunziro lake n'lakuti lamulo limathandiza likamatsatidwa tsiku ndi tsiku, osati pa Khirisimasi ndi Isitala pokha. Liyeneranso kufika kwa mwini galimoto amene amaika ndalama yatsiku yosatheka kuipeza popanda kuthamanga, ndiponso kwa bwana amene amachedwa yekha n'kukakamiza dalaivala.

Ku Kenya komweko akatswiri awiri a zachuma, James Habyarimana ndi William Jack, anayesa chinthu chotsika mtengo kwambiri. Anamata timapepala m'kati mwa maminibasi ena tolimbikitsa okwera kudzudzula dalaivala akamayendetsa mosasamala. Atayerekeza ndi maminibasi opanda timapepalato, anapeza kuti ngozi zokanenedwa ku kampani za inshulansi zinachepa kwambiri. Galimoto zinali zomwezo, misewu yomweyo, madalaivala omwewo. Chimene chinasintha n'chakuti okwera anadziwa kuti ali ndi ufulu wolankhula, ndipo dalaivala anadziwa kuti akumuona.

Mahampu ndi misewu yotambalala zimafuna bajeti, ndipo tiyenera kuzifunsa kwa aphungu ndi makhansala athu mosatopa. Koma pali zina zimene sizidikira bajeti. Bwana anyamuke nthawi yabwino ndipo amuuze dalaivala wake momveka kuti kuchedwa kuli bwino kusiyana ndi kugunda munthu. Mwini minibasi awerengere ndalama yake pa maulendo amene angatheke popanda mpikisano. Mwini galimoto yake akafika pa msika atsike pa 50 kaya apolisi alipo kaya palibe, chifukwa chikwangwanicho anachiikira anthu a pamalopo. Ndipo ife okwera tileke kusiya munthu mmodzi alankhule yekha. Kondakitala angathe kunyoza mayi mmodzi, koma sangatsitse minibasi yonse. Woyamba akanena kuti liwiro lachuluka, wachiwiri avomereze mokweza, wachitatu naye atero, mpaka dalaivala achotse phazi pamoto.