Mfungulo Uli m'Dzanja la Yani?

Werengani: 1 Mafumu 21:1-19, Oweruza 16:4-21.



Naboti wa ku Yezreeli anaphedwa ndi kalata. Iye anakana kupatsa mfumu Ahabu munda wamphesa wa makolo ace, ndipo Yezebeli, mkazi wa mfumu, anatenga cidindo ca mwamuna wace, nalembera akuru a mudzi monga ngati mfumu ndiyo inalemba. Akuruwo anayang'ana cidindo, naona kuti ndi ca mfumu ndithu, nacita zonse zolembedwazo. Cidindo cinalibe colakwa, pakuti sicinali copeka. Coipa cinali dzanja limene linacigwira.

Lero anthu akuru ambiri a kuno ku Chipata ayenda ndi cidindo cao. Ndico nambala ija ya cinsinsi imene titsegula nayo ndalama za m'lamya. Ndalama za cimanga, za nsawawa ndi za fodya, za sukulu ya ana, ngakhale zopereka za mpingo, zambiri ziri kuseri kwa manambala anai kapena asanu. Tsono nkoyenera kuti Akristu adziwe m'mene cinsinsi cisungidwira, ndi pamene cimaboowokera.

I. M'MENE ANTHU ANAPHUNZIRIRA KUBISA MAU

Makolo athu anadziwa bvuto ili. Pamene mudzi uno unali kuchedwa Fort Jameson, amuna ambiri anapita kukagwira nchito ku Salisbury, ku migodi ya Joni ndi ya Copperbelt. Mwamuna wosadziwa kulemba anauza mnzace zoti alembe, ndipo kumudzi mkazi wace anatengera kalatayo kwa mphunzitsi kuti amwerengere. Cotero mau a anthu awiri anamveka kwa anthu anai. Envulopu inachinga kalata panjira, koma pofika kwa wowerenga, cinsinsi conse cinatsamira pa kukhulupirika kwace. Mau otumizidwa pa waya naonso anadutsa pamaso pa kalaliki wa uku ndi wa uko.

Kuyambira kale anthu anafuna njira yakuti kalata ikagwa m'manja mwa mlendo, iye aone zilembo koma osamva kanthu. Ana athu amacitako pang'ono posewera, pamene atembenuza mau nati "mbanyu" m'malo mwa "nyumba". M'buku la Yeremiya, pa 25:26 ndi pa 51:41, muli dzina lakuti Sesaki. Ophunzira Cihebri atiuza kuti limeneli ndi dzina la Babulo lobisika. Zilembo za Cihebri ziri 22, ndipo mlembi anasinthanitsa coyamba ndi cotsiriza, caciwiri ndi cotsatana ndi cotsiriza, cimodzimodzi mpaka pakati.

Julius Caesar, mtsogoleri wa nkhondo wa Aroma amene anafa zaka 44 Kristu asanabadwe, analembera anzace mosuntha cilembo ciri conse malo atatu. Tikatsata njira yace ndi zilembo zathu, A asanduka D, B asanduka E, ndipo liu lakuti MUDZI lilembedwa PXGCL. Wodziwa kuti mfungulo ndi 3 abweza zilembo m'mbuyo, nawerenga. Koma njira iyi njofoka, pakuti masunthidwe ace ali 25 okha, ndipo mwana wa sukulu angathe kuwayesa onse dzuwa lisanalowe.

M'zaka za m'ma 800, mu mzinda wa Baghdad, munthu wanzeru dzina lace al-Kindi anaonetsa kuti ngakhale kusakaniza zilembo mwacisawawa sikukwanira. Cinenero ciri conse ciri ndi zilembo zimene zibwera kawirikawiri. M'Cinyanja cathu A acuruka koposa, ndipo pafupi liu liri lonse litha ndi A, E, I, O kapena U. Munthu wofatsa akawerenga cizindikiro cimene cacuruka m'kalata yobisika, wapeza A, ndipo zinazo zimasuka monga mfundo ya luzi.

Pa nkhondo ya 1939 kufikira 1945, imene anyamata a Northern Rhodesia Regiment anamenya ku Abyssinia ndi ku Burma, Ajeremani anali ndi makina ochedwa Enigma. M'kati mwace munali timawilo tozungulira, tosintha masakanizidwe pa cilembo ciri conse, ndipo eni ace anayesa kuti palibe munthu angawerenge. Koma Marian Rejewski wa ku Poland anazindikira mapangidwe ace mu 1932, ndipo Alan Turing ndi anzace ku Bletchley Park ku England anapitiriza nchitoyo m'kati mwa nkhondo. Cimene cinawathandiza kwambiri ndi ulesi wa ogwira makinawo. Ena anasankha zilembo zosabvuta kukumbuka, ena anayamba mauthenga a nyengo ndi mau omwewo m'mawa uli wonse. Makina anali ocenjera, koma anthu owagwira anatopa.

II. LOKO WA MASIKU ANO

Njira zonse zakalezo zinali ndi bvuto limodzi. Wotumiza ndi wolandira anayenera kuyamba apangana mfungulo, ndipo mfungulowo unatha kubedwa panjira. Mu 1976 Whitfield Diffie ndi Martin Hellman a ku America anafalitsa nzeru yatsopano, ndipo mu 1977 Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anapeza njira ina yoigwiritsa nchito.

Tifanizire cotere. Mai wina wa ku Chadiza ali ndi maloko ambiri otsegula, onse a mfungulo umodzi. Maloko awagawira ali yense wofuna, koma mfungulo ausunga yekha. Mwana wace wa ku Lusaka aika kalata m'bokosi, natseka ndi loko wa amace, napatsira bokosilo woyendetsa basi. Kutseka loko sikufuna mfungulo, koma kutsegula kufuna. Woyendetsa basi sangatsegule, ngakhale mwana mwini amene anatseka sangatsegulenso. Atsegula ndi amace okha.

Maloko amenewa apangidwa ndi masamu. Kucurukitsa 37 ndi 41 nkwapafupi, yankho lace ndi 1,517. Koma wina akakupatsani 1,517 yekha, nati mupeze manambala awiri amene anabala imeneyi, mudzatuluka thukuta. Makompyuta acita comweco ndi nambala yaitali ya zilembo zoposa 600, imene makina a masiku ano sangathe kuimasula m'moyo wa munthu. Nzeru za mtundu uwu ndizo zichinga mabanki, ndipo kuyambira 2016 zichinga mauthenga onse a WhatsApp, kotero kuti amasuka pa lamya ya wotumiza ndi ya wolandira pokha. Uthenga wamba wa pa lamya ulibe loko wotere. Boma la Zambia nalo linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act mu 2021, lakuti osunga maina ndi mbiri za anthu azisamale.

Tiyamike Mulungu amene anapatsa anthu nzeru zotere. Mlimi wa ku Katete alandira ndalama zace popanda kuyenda nazo m'thumba pa njira ya acifwamba. Mkazi wamasiye alandira thandizo la ana ace tsiku lomwelo. Cinsinsi cotere ndi cifundo, monga citseko ca nyumba ciri cifundo.

III. PAMENE CINSINSI CIMABOOWOKERA

Popeza loko walimba cotere, mbala zaleka kulimbana naye. Zipita kwa mwini mfungulo.

Afilisti analephera kumanga Samsoni ndi zingwe. Pamenepo akalonga ao analonjeza Delila ndalama zasiliva 1,100 yense, kuti afunse kumene kucokera mphamvu yace. Katatu Samsoni anamnamiza, ndipo katatu anaona ndi maso ace cimene mkaziyo anafuna kucita. Koma Delila anamuumiriza tsiku ndi tsiku, namnena kuti samkonda, kufikira mtima wa Samsoni unalema. Palibe anathyola cinsinsi cace. Anacipereka yekha ndi pakamwa pace, ndipo anataya mphamvu, maso ndi ufulu.

Delila wa masiku ano aimba lamya. Cakudza siciimba ng'oma. Liu lace ndi laulemu. Anena kuti ali wa ku kampani, ndi kuti nambala yanu idzatsekedwa lero mukapanda kumuuza cinsinsi canu. Kapena anena kuti mwapambana mphoto. Kapena akutumizirani uthenga wooneka ngati wa ndalama, naimba ali kulira, kuti watumiza molakwa ndipo mumbwezere. Kapena apempha manambala 6 amene angofika pa lamya yanu, ndipo mukamuuza alanda WhatsApp yanu, nayamba kulembera abale anu ndi Akristu anzanu m'dzina lanu kuti muli m'cipatala. Amenewo aona dzina lanu ndi cithunzi canu, natumiza ndalama, monga akuru a Yezreeli anamvera cidindo ca Ahabu. Onse acinyengo awa afanana pa cinthu cimodzi: akufulumizani, kuti musapeze nthawi yofunsa mnzanu.

Mtumwi Paulo anadziwa za makalata onama. Ku Tesalonika kunali kuopsa kwakuti abale angasokonezedwe ndi kalata yonenedwa kuti yacokera kwa iye, ndipo cifukwa cace anatsiriza kalata yace ndi dzanja lace la iye mwini, kuti azindikire yoona (2 Atesalonika 2:2, 3:17). Kuyesa uthenga si kusowa cikondi ai. Mtumwi mwini anatiphunzitsa kutero.

IV. MACENJEZO KWA NYUMBA IRI YONSE

Wakutsina khutu ndiye mnansi. Sungani izi.

Coyamba, nambala ya cinsinsi musauze munthu pa lamya, ngakhale achule dzina la kampani, la boma kapena la mbusa. Wanchito woona saifuna.

Caciwiri, musasankhe caka cimene munabadwa, pakuti calembedwa pa citupa canu, kapena manambala otsatana monga 1234. Manambala anai angasanjidwe m'njira 10,000, ndipo asanu m'njira 100,000, koma mbala iyamba ndi zija zimene aulesi akonda. Kumbukirani ogwira Enigma.

Cacitatu, musalembe nambalayo pa kapepala ndi kukaika kuseri kwa lamya. Kutero ndiko kutseka nkhokwe ndi kusiya mfungulo pa loko.

Cacinai, potapa ndalama pa tinyumba tija ta ku Kapata kapena ku Saturday Market, lembani nambala ndi cala canu, mutachinga ndi dzanja linalo.

Cacisanu, uthenga wopempha ndalama ukafika m'dzina la mbale, muimbireni, mumve liu lace. Wina akati watumiza molakwa, yambani mwaona ngati ndalama zanu zacurukadi.

Cacisanu ndi cimodzi, lamya ikataika, fulumirani kukanena kuti nambala yanu itsekedwe, musagone.

Ndipo inu akuru a mpingo, musasenzetse msungicuma mmodzi katundu yense. Paulo potumiza zopereka ku Yerusalemu anafuna kuti abale osankhidwa ndi mipingo apite nazo pamodzi, kuti pasakhale pomnenera (2 Akorinto 8:18-21). Ndalama za mpingo ziri m'lamya zionedwe ndi awiri kapena atatu, ndipo zilembedwe m'buku.

V. KWA IWO OSUNGA MFUNGULO WA ANZAO

M'midzi yathu muli agogo ambiri osaona bwino ndi osadziwa kuwerenga. Iwo sangacitire mwina koma kupatsa mwana kapena mdzukulu lamya pamodzi ndi nambala yace. Anyamata ndi atsikana, inu ndinu amene mwalowa m'malo mwa mphunzitsi uja wowerenga makalata. Mphunzitsi wokhulupirika anawerenga zonse zolembedwa, osaonjeza, osacotsa, ndipo poturuka m'nyumba anaiwala zimene anawerenga. Inunso muzitero. Amalume akatumiza K500, nenani K500. Mdzukulu amene anena K300, nabisa zotsalazo, wadinda cidindo ca agogo ace pa bodza, ndipo chimo lace ndi la Yezebeli, ngakhale ndalama zicepe. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Comweco kwa mwamuna amene atenga lamya ya mkazi wace usiku natapa ndalama za geni yace, ndi kwa mkuru wa mpingo amene auzidwa nkhani ya banja mwakacetecete, naitumiza m'gulu la pa lamya. Loko wa masamu anafikitsa nkhaniyo bwino, koma wolandirayo ndiye anaboowoka.

Potsiriza, abale, loko sasankha cimene asunga. Asunga ndalama za mkazi wamasiye, asunganso uthenga wa cigololo ndi upo wa mbala. Alipo ena amene alimba mtima kucita zoipa popeza amva kuti mauthenga ao sawerengedwa ndi munthu. Yezebeli nayenso anayesa kuti nkhani yace yatha bwino. Akuru a mudzi anakhala cete, mboni zonama zinakhala cete, Naboti anali m'manda. Koma pamene Ahabu anatsikira kukalanda mundawo, anapeza Eliya ali comweco ndi mau a Yehova. Mulungu anali atawerenga kalatayo. Palibe masamu amene angabise mtima pamaso pace (Ahebri 4:13).

Koma mau omwewo ali ndi citonthozo. Iye amene awerenga zobisika zonse ndiye asunga bwino koposa zimene timuululira. Amene wadya ndalama za amace, apite akabvomere, abweze monga angathe, ndipo adzapeza kuti Ambuye Yesu satenga chimo lolapidwa kukalengeza pabwalo. Ndipo okhulupirira adindidwa ndi Mzimu Woyera (Aefeso 1:13), cidindo cimene sicingagwe m'dzanja la mbala.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, Inu mudziwa zonse ziri m'mitima yathu. Tipatseni nzeru kuti tisanyengedwe, ndi mlomo wodziwa kutseka. Sungani okalamba ndi amasiye a m'midzi yathu, ndipo iwo amene agwira mfungulo wa anzao muwapatse manja oyera. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.