Mawu a Sabata Ino: Tsatani Miyala Yoyera

 

Loweruka likubwerali tikwera phiri kukapemphera. A Bishopu andituma kuti ndikukonzekeretseni, koma ndiyambe ndaulula cholakwa changa.

Chaka chatha, mu Okutobala, ndine ndinatsogolera ulendo umenewu. Pobwerera ndinaona kanjira kosalala, ndiye ndinati, "Tiyeni tidulire apa." Abale, kanali kanjira ka owotcha makala! Tinazungulira m'thengo maola atatu, madzi atha, netiweki kulibe. Mayi wina amene anali kusala kudya anakomoka ine ndikuona. Mulungu anatichitira chifundo, mayiyo ali bwino. Koma tisanamizire Satana. Amene anasocheretsa nkhosa tsiku limenelo ndine.

Werengani Yeremiya 31:21. Pamenepo Mulungu akuuza Aisraeli kuti aimike zizindikiro m'njira, aikumbukire bwino njira imene anadzera, kuti adzathe kubwerera kwawo. Taonani, Mulungu amene anatsogolera makolo awo ndi mtambo ndi moto, ndi yemweyo akulamula za zizindikiro. Kukonzekera si kuchepa chikhulupiriro ayi. Kutsata chizindikiro ndi kumvera.

Manje chaka chino achinyamata apaka laimu pamiyala ndi pamitengo njira yonse. Mukayenda pang'ono osaona choyera, imani, bwererani pamene munachiona komaliza. Osapitirira poganiza kuti mutulukira kutsogolo.

Tinyamuka patchalitchi 05:30, dzuwa lisanakwiye, ndipo tikhala titatsika isanakwane 12:00. Ochokera ku Lusaka, musadalire minibasi ya m'mawa pa Great East Road. Bwerani Lachisanu, tikupezerani pogona.

Aliyense anyamule madzi malita awiri. Mukudziwa mmene mtsinje wa Chongwe umaphwera nyengo yotentha, ndiye musayembekeze kutunga panjira. Valani nsapato zotseka, osati mapatapata, ndi chipewa kapena chitenje kumutu.

Inu odwala shuga kapena BP, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, idyani, imwani mankhwala anu. Pa 1 Mafumu 19, mngelo anadzutsa Eliya kawiri kuti adye ndi kumwa, chifukwa ulendo unali wautali. Kodi inu mwaposa Eliya?

Tikudutsa m'midzi ya Asoli, m'dziko la Amfumu Nkomeshya. Perekani moni, musaponde m'minda, musayatse moto, musataye mapulasitiki. Umboni wathu uyambire pamenepo.

Ndipo tiyenda monga Yakobo pa Genesis 33:14, pang'onopang'ono, molingana ndi mphamvu za ana. Anyamata, wofika pamwamba poyamba salandira dalitso loposa la agogo.

Pomaliza ndikufunseni: ndi kanjira kati kachidule kamene kakukukopani sabata ino? Ndalama zosadziwika kochokera? Chibwenzi cham'mbali? Kamaoneka kosalala, koma kamathera pa uvuni wa makala. Ngati mwasochera kale, musachite manyazi. Bwererani pamene munasiyira mwala woyera: pemphero lija, Mawu aja, mpingo uja.

Tipemphere: Atate, tsegulani maso athu tione zizindikiro zanu. Tichotsereni mtima wodulira njira. Tonse amene tinyamuke, tibwerere tonse. M'dzina la Yesu, Amen!

Amene mupita, lembetsani kwa mtsogoleri wa selo yanu pofika Lachinayi, kuti tidzawerengane ponyamuka ndi pobwera.